Oda ya Madamu ya Zilembo za Waya

Lole ija inali ya mawaya, koma musaipeputse. Matayala ake anali zitini za polishi, nyali zake zitsekerero za mabotolo, ndipo chiwongolero chinkandifika pachifuwa. Mfundo zonse ndinamanga ndi mphira zodula ku chubu chakale cha njinga ya amalume. Ndinaikopera ku lole ina ya fodya imene ndinaiona kamodzi kokha itaima pa Kamwendo, ndipo ndinabwera nayo m'mutu yonse, ndi makwerero a m'mbali omwe. Ndikaiyendetsa pabwalo la sukulu, anzanga ankandilondola pambuyo ngati ndine mwini kampani. Wofuna kugwirako chiwongolero ankayamba wandigawira mbatata yootcha.

Inali teremu yomaliza, nthawi yokumba mtedza, kuzizira kolowa mpaka m'mano. Ine ndinali kubwereza Sitandade 3, ndipo ndinali ndi chinsinsi chimene ndinkachisunga kuposa lole: sindinkatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi.

Palibe ankadziwa, chifukwa kusukulu kwathu tinkawerenga mwa chigulu. Aphunzitsi athu, bambo wa mawu ngati ng'oma, ankawerenga mzere, ife nkubwereza tonse pamodzi mpaka mbalame kuthawa mumtengo umene tinkaphunzirapo. Woposa anzake anali wokuwa kwambiri, ndipo pa nkhani ya kukuwa ine ndinabadwa katswiri. Makutu anga ankatola tsamba lonse. Kukabwera alendo ankandiimika kutsogolo, buku m'manja, chala chikuyenda papepala, ine ndikuyoyola zonse za pamtima. Mayeso olemba akabwera ndinkagwa chagada. Aphunzitsi ankati, "Mwanayu mutu ali nawo, koma masewera." Mankhwala a masewera anali ndodo, ndipo ndinamwa mankhwalawo mokwanira.

Amalume ankakoka katundu panjinga kudutsa nazo njira zachidule za kumalire, kupita ndi shuga, kubwera ndi zitenje za ku Zambia. Tsiku lina anapeza amayi akusenda mtedza pakhonde, nati, "Mlongo, uyu akalepheranso ndimutenga. Njinga ikufuna wokankha pachitunda." Amayi anangopitiriza kusenda, koma makoko ankathyoka mokweza kuposa kale. Ine ndinali nditawaona anyamata okankha njinga aja, mapazi ong'aluka, tulo tili m'maso masana. Komanso amayi anali atauza kale azimayi onse a kumpingo kuti mwana wawo amawerengera alendo kusukulu.

Ndiye kunabwera madamu. Anali mtsikana wochokera kukoleji ya aphunzitsi, wobwera kudzayeserera ntchito kwa teremu imodzi. Anali wamfupi, wa mawu aang'ono, ndipo ndodo sankayenda nayo. Ife tinangoyang'anana nkuti, apa tapuma.

Mlungu woyamba sanachite zambiri. Ankangotiyang'ana. Pa buleki aphunzitsi ena akamwa tiyi, iwo ankaima pakhonde kumaonerera momwe tinkasewerera, ngati munthu wosankha mbuzi pamsika. Kenako tsiku lina anayamba kutiwerengetsa mmodzimmodzi. Itafika nthawi yanga anandipatsa buku lotsegula kale. Ndinaimirira, chifuwa kutsogolo, nkuyoyola nkhani ya dzulo lake yonse osaphonya. Kalasi inaomba m'manja. Ndikubweza buku, ndinaona chithunzi cha patsambapo: panali munthu akupopa madzi pamjigo. Nkhani imene ndinanena ine inali ya ng'ombe.

Ndinadikira kuseka, ndinadikira kutumidwa kukathyola ndodo. Madamu anangoti, "Zikomo, khala pansi," nkuitana wotsatira. Lero ndikamakumbukira ndimaona kuti pamenepo ndi pamene anandigula, koma nthawi imeneyo ndinangoti, mayi uyu ndi wogona, sanaone kanthu.

Mawa lake pa buleki anandiitana, lole ili m'manja. Anaitembenuza uku ndi uku, nkufunsa kuti ndinaiona kangati lole yeniyeniyo. Nditawauza kuti kamodzi, anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndili ndi oda," anatero. "Ana a Sitandade 1 akufunika zilembo zoti azizigwira m'manja. Ungandipindire za waya?"

Tamverani tsono yankho la mwana wa kabudula wobooka kumbuyo: "Nanga ine ndipezapo chiyani, madamu?"

Lero ndimagulitsa kaunjika pa Kamwendo ndipo ndanenerera mitengo ndi anthu ouma mitima, koma malonda amene ndinasangalala nawo kuposa onse ndi amenewo. Ndinati ndisiye kusesa. Iwo anati ayi, kusesa nkwa aliyense. Ndinanyamula lole ngati ndikuchoka, monga ndinkaonera amalume akuchitira. Anandiitananso. Tinagwirizana kuti ndizisesa Lachisanu lokha, ndiponso kuti asandiimikenso kutsogolo kuwerenga mpaka mayeso. Chachiwirichi anavomera msanga, ine nkumati ndawapana. Iwo anangoikapo kamfundo kamodzi: chilembo chilichonse pochipereka ndizitchula momwe chimamvekera, chifukwa iwo salandira katundu kwa munthu wosadziwa chimene wanyamula.

Ntchito inayamba. Waya tinkamupeza pootcha matayala akale kuseri kwa chigayo. Utsi wake wakuda unkakakamira m'malaya, ndipo amayi ankandithamangitsira kumadzi ndisanalowe m'nyumba. Madamu ankandijambulira chilembo pamchenga, nkuchitchula, ine nkuchiyang'ana momwe ndinayang'anira lole ya fodya ija. Ndipo taonani, zinthu zimene papepala zinkangooneka ngati nyerere zobalalika, m'manja zinasanduka zinthu zenizeni. Ichi chili ndi miyendo itatu, icho ndi tayala chabe, chinacho ndi ndodo ya nkhalamba. Zala zinkatupa ndi kuzizira, waya ankandicheka, koma ndinkathamangira kusukulu m'mamawa mame asanaume, thumba likulira ngwee ngwee kumsana.

Madamu anali kasitomala wovuta. Ankaika zilembo zonse m'thumba la nsalu nkundiuza kuti ndipise dzanja osayang'ana, nditulutse chimene atchule. Ndikaphonya sankakalipa. Ankangoti, "Chimenechi ndikufunanso china, ana aja achipinda mpaka chaonongeka." Kenako anati zilembo zoyenda zokha sizithandiza, ndizizikoletsa ngati lole ndi ngolo yake. Ndinapanga tingowe. Kukoletsa ziwiri, zinkatulutsa mawu amodzi: ma, ta, ko. Kukoletsa zambiri, eee, zinkatchula chinthu! Tsiku limene ndinakoletsa zilembo nkutuluka "mtedza", ndinakuwa mpaka aphunzitsi a mawu a ng'oma aja anasuzumira pawindo la ofesi.

Sanalekere pomwepo. Ananditumanso kuti ndizikaonetsa ana a Sitandade 1 kagwiritsidwe ntchito ka katundu wanga. Ndinkakhala pakati pa tiana ta mamina, ndikudzimva ngati hedimasitala, kumatiuza kuti ichi nchakuti, ichi nchakuti. Kamtsikana kena kanandikonza nditasokoneza, ndipo ndinapita kunyumba kukayeserera mpaka dzuwa kulowa kuti kasadzandichititsenso manyazi.

Loweruka lina amalume ananditenga kupita ku Kamwendo, amati ndiyambe kuzolowera. Ndinakhala pakaliyala, matako akuwawa ndi mabampu. Tikulowa pamsika, fungo la chipisi ndi fumbi zikutilandira, maso anga anagwera pa katoni yopachikidwa pafupi ndi sikelo. Sindinafune kuwerenga ayi. Zilembo zinangokoletsana zokha m'mutu, ndipo pakamwa panatseguka: "Ti-ku-gu-la mte-dza ndi so-ya!"

Njinga inapepeluka. Amalume anatsitsa phazi.

"Wati chiyani, mphwanga?"

"Apo, amalume! Ndi apo! Ti-ma-tcha-ja ma-fo-ni! O-sa-ko-dza pa-no!"

Msika wonse unali ukuyankhula, ndipo zaka zonsezi ndinkangodutsa ngati gonthi. Makoma, maminibasi, matumba a feteleza, malaya a anthu, chilichonse chinali ndi chonena. Ndinawerenga sitolo ya bambo wina wachisilamu wogulitsa nsalu kuyambira pamwamba mpaka pansi, mwiniwake ataima pakhomo akuseka, mpaka anandiponyera siwiti. Amalume ankandikoka dzanja, ine ndikukanirira pa chikwangwani chilichonse ngati mbuzi yopita kokaphedwa.

Musaganize kuti amalume anagonja. Titafika kunyumba anati, "Mlongo, mwanayu akuwerenga zenizeni tsopano. Ndiye kumalire andithandiza kwambiri!" Amayi anaika lichero pansi. "Munati akalephera. Dikirani alephere." Kenako anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinazindikira kuti mawu oti "tsopano" awamva bwinobwino. Sanandifunse kanthu, ngakhale tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Pa mayeso, ahedi ankatiitana mmodzimmodzi muofesi, nkutsegula tsamba lililonse limene dzanja lawo lagwera. Langa linali loti sindinalimvepo. Ndinayamba pang'onopang'ono, chala chakumanja chikupinda waya wosaoneka pantchafu, ndikukoletsa ngolo imodziimodzi. Panalibe kukuwa, panalibe kuyoyola. Ndinawerenga ngati ngolo ya ng'ombe yokwera chitunda, koma ndinafika pansi pa tsamba. Ahedi anavula magalasi nati, "Iwe, kale unkawerenga bwino kuposa apa. Chachitika nchiyani?" Madamu anali pakona akukonza mabuku, ndipo ndinaona mapewa awo akugwedezeka.

Ndinakhoza. Tsiku lotsekera dzina langa litatchulidwa pakati pa opita Sitandade 4, amayi analuluta mpaka mpango kugwa, ndipo njinga ya amalume inapeza wokankha wina.

Zaka zapitazi, mnyamata wina wa kukoleji ya aphunzitsi ankagula jekete pabenchi langa, ndipo m'kucheza ndinamufotokozera nkhaniyi. Anaseka nkundiuza kuti kumeneko amaphunzira phunziro lonse la momwe mutu wa mwana umatolera zinthu: kuti mwana wobwereza mawu sikuti wamva, kuti umayamba ndi chimene mwanayo amachitha kale, kuti wochititsidwa manyazi amatseka mutu, ndiponso kuti chimene waphunzitsa mnzako sichikuthawa. Ndinangoti kukamwa yasa. Jekete ija anaitenga pamtengo umene iye anayamba kutchula, ine wosanenerera nkomwe, chinthu chimene anzanga a pamsika amandiseka nacho mpaka lero.

Madamu anachoka teremu itatha, atakwera kabaza, chikwama pamiyendo. Ine holide yonse ndinkayenda modzitukumula, kuuza aliyense wofuna kumva momwe ndinawapanira madamu a kukoleji: teremu yathunthu kusesa Lachisanu lokha, osaimikidwa kutsogolo, kumangosewera ndi waya anzanga akuvutika ndi mabuku. Kuwerengako ndinkati kunangondibwerera kokha, ngati mano.

Sindinadzifunse chifukwa chimene munthu wogonja pa malonda ankamwetulira chotero. Sindinadzifunsenso kuti zinkatheka bwanji kuti ana a Sitandade 1 azipinda chilembo chomwecho chimene ine ndinachiphonya dzulo lake, tsiku ndi tsiku, osalakwitsa ngakhale kamodzi.