Bulangete Looneka Patali

Ku Biwi anthu ankawadziwa Mayi Dyna ndi mutu wowerama. Kaya pamzere wotunga madzi, kaya m'minibasi, ngakhale pamaliro nyimbo ikangodukiza, iwo ankakhala atazyolika, singano yolukira ija ya kamutu kokowa ikuvina pakati pa zala. Ukawapatsa moni ankayankha bwinobwino, koma maso ali pa ulusi. Ena ankati ndi matama. Sanali matama, manja awo ndiwo sankadziwa kukhala chabe.

Anachoka ku Thyolo ali mtsikana, atangokwatiwa ndi a Weston, mmisiri wa matabwa amene anamva kuti ku Lilongwe kukumangidwa nyumba zambiri zofuna mipando. A Weston anapeza shedi mumsewu wa amisiri, kumene mabokosi a maliro amayalidwa panja ngati matimati. Anzawo ankawauza kuti phindu lili m'mabokosi, poti kasitomala wake sasowa ndipo sabweza katundu. Iwo ankangopukusa mutu.

"Ine ndimapangira anthu okhala tsonga," ankatero.

Choncho a Weston ankakhoma mipando, Mayi Dyna n'kumailukira tinsalu toyala potsamira mutu, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Tisunge, anakulira pa misomali ndi ulusi mpaka kukwatiwa ku Area 25. Sanalemere, komanso sanagonepo ndi njala kawirikawiri. Ankakangana ngati anthu ena onse, makamaka pa nkhani ya utuchi umene bambowo ankabwera nawo m'nyumba.

Chifuwa chitayamba, utuchi womwewo ndiwo unapalamula. Aliyense ankati ndi fumbi la matabwa, chitha. Koma mvula inatha, chifuwa osatha. Lamba anabooledwa bowo lina, kenako linanso. Mphepo ya mwezi wa Juni itafika, a Weston anagonekedwa ku chipatala chachikulu, m'wodi ya abambo, pabedi loyandikana ndi zenera losatsekeka bwino.

Mayi Dyna anasamukira kumalo a odikirira odwala, kuseri kwa chipatala, kumene amayi ochokera m'maboma onse amaphika pa mafuwa, kuchapa ndi kudikira nthawi yolowa. Kumeneko anaphunzira chinthu chimene akanakonda kusachidziwa. Munthu akamwalira m'wodi, amamufunditsa chofunda chake chomwe, kumuika pa kabedi ka matayala, n'kumukankha m'khonde lalitali lopita ku nyumba ya chisoni. Amayi onse amasiya mapoto pamoto n'kutsatira akuimba, ngakhale asakumudziwa, poti maliro n'kulirana. Koma asanayambe kuimba, pamakhala kakanthawi ka chete. Aliyense amatukula khosi n'kuyang'ana chofunda chija, kuti aone ngati n'cha kunyumba kwake.

Bulangete limene anabwera nalo kuchokera ku Biwi linali lotuwa, lofanana ndi mabulangete ena onse a m'dziko muno. Tsiku lina analichapa, kuliyanika pa waya pakati pa anzake, n'kupita kukapereka phala. Pobwera anapeza waya yekha. Anafunsa uku ndi uku, ndipo aliyense anali ndi bulangete lotuwa limene ankalumbira kuti analigula yekha. Kodi ungamugwire bwanji munthu pa chinthu chopanda chizindikiro? Tsiku limenelo a Weston anafunda zitenje ziwiri, mano akugundana.

Mayi Dyna anapsa mtima, ndipo mkwiyo wawo unathera ku kaunjika, pa benchi ya Aminah, amene kwa zaka zambiri ankawasungira majuzi oti amasule.

"Mayi Dyna, mwasowatu! Abambo ali bwanji?"

"Alipo. Ndikufuna majuzi a ulusi wonenepa, mwanawe. Ndiluke bulangete, ndipo lithe msanga."

"Bwanji osangogula ulusi wa m'shopu? Kumasula juzi kuchedwetsatu."

"Uja wa m'mapepala okongola uja? Ukauchapa kawiri umachita timibulu, kachitatu wang'ambika. Ili lizichapidwa pa mwala tsiku ndi tsiku."

Anayamba kufukula mulu uja ngati nkhuku. Juzi lililonse ankalitembenuza kaye n'kuyang'ana msoko wa m'mbali. Likakhala lodulidwa ndi makina ankaliponya uko, chifukwa lotero limatulutsa tizidutswa tokhatokha, munthu n'kuthera tsiku pa mfundo. Ankafuna lolukidwa lathunthu, loti ukapeza nsonga ulusi umangobwera wokha. Akalipeza ankakoka kachingwe pakati pa zala ziwiri mpaka zala kufiira, kuti aone ngati kaduke. La ubweya weniweni wa nkhosa analikana ngakhale linali lofunda, poti limafota m'madzi otentha ndiponso limayabwa, ndipo khungu la a Weston linali litayamba kale zilonda za pabedi.

Aminah anawasankhira majuzi a bulawuni ndi a buluu wakuda, oyenera bambo wamkulu. Mayi Dyna anawakankhira pambali. Anasolola lachikasu chowala ngati majekete a apolisi apamsewu, kenako lapinki, kenako lachikasu lina.

"Iii, amayi! Abambo afunde zimenezi?"

"Ndikufuna loti wakuba achite nalo manyazi. Lizioneka munthu ali kutsidya kwa msewu."

Aminah anaseka mpaka kugwira benchi. Mayi Dyna nawonso anaseka, koyamba chigonekedwere a Weston.

Za kalukidwe anaganiza ali m'minibasi. Timabwalo ta maluwa tija tolumikiza pambuyo pake timatha msanga, ndipo akanatha kutiluka ali m'tulo. Koma tili ndi mabowo olowera mphepo, zala za kumapazi zimakodwamo, ndiponso bulangete lotero limayambira m'misoko kung'ambika. Anasankha kuluka chinthu chimodzi chathunthu chopanda msoko, ulusi uwiri pamodzi, pa singano yaikulu kuposa zonse, mizere yokwera ndi kutsika ngati mano a sowo ya a Weston. Chikasu, pinki, chikasu, pinki.

Analuka ngati wothamangitsidwa. Ankaluka poto ali pamoto, ankaluka pamzere wa pampopi, ankaluka ataimirira pakhomo la wodi kudikira kuti atsegule. Ulusi womasula umakhala wopotanapotana, ndipo nthawi younyika kuti uwongoke panalibe, choncho ankangolimbana nawo. Dzanja linatupa pamfundo. Kabedi ka matayala kakamadutsa ankatukula khosi ngati anzawo, kuona kuti si zitenje zawo, kuimba nawo mpaka pakhomo la nyumba ya chisoni, n'kubwerera ku singano akufulumira kuposa kale.

Mayi wina wachikulire, amene ankaphika pafupi nawo, anawayang'ana nthawi yaitali tsiku lina.

"Anzanga, mukufulumira bwanji chonchi, ngati mwauzidwa kanthu?"

"Kukuzizira," anayankha Mayi Dyna mwachidule.

Mawu aja anawakhala pamtima ngati mwala. Anachita mantha, ndipo anadana naye mayiyo popanda chifukwa chenicheni. Anasuntha mafuwa awo n'kukaphikira kwina.

Bulangete litatha linali lolemera ngati mwana wa chaka, ndipo linkapweteka m'maso. Atalowa nalo m'wodi, odwala amene akanatha kudzuka anadzuka.

"Mayi a Tisunge, mwandilakwira chiyani?" anatero a Weston akulisisita. "Ndizioneka ngati keke ya paukwati?"

"Fundani, bambo inu. Mukachira mukalukitse lanu lokongola."

A Weston anaseka, kuseka kuja n'kusanduka chifuwa, chifuwa n'kukana kuleka mpaka misozi. Pabedi loyandikana ndi lawo chifuwa china chinayankha. Anali a Zebedee, mlonda wochokera ku Mzimba, amene anabweretsedwa ndi anzawo a kuntchito n'kusiyidwa pomwepo. Analibe wowadikirira. Ankafunda chikhoti cha ulonda, ndipo phala ankagawiridwa ndi Mayi Dyna. Matenda awo anali amodzimodzi ndi a a Weston, ndipo awiriwo ankatsokomola molandizana, wina akaleka wina n'kuyamba.

"Limenelo ndiye salibanso, mama," anatero a Zebedee ndi mawu a pansipansi. "Ngakhale ndili mlonda, ndapuma pantchito."

Salibadi. Mayi Dyna ankaliyanika pa waya n'kuchokapo mtima uli m'malo. Akamabwera kuchokera kumpopi ankaliona patali likuwala pakati pa zotuwa zonse zija, ndipo ankanyada. M'wodi ankangoima pakhomo n'kudziwa pomwepo pamene pali mwamuna wawo. Anaiwala kuti walira mvula walira matope.

Mmawa wina kunacha ndi nkhungu ngati ya kwawo ku Thyolo. Mayi Dyna anali atangothira phala m'kontena pamene anamva matayala akulira m'khonde. Mapoto analeka kugunda. Amayi anatukula makosi. Mayi Dyna sanafunike kutukula khosi, ngakhale kuyandikira. Kumapeto kwenikweni kwa khonde, kumene nkhope ya munthu sungaizindikire, kunkabwera chikasu ndi pinki, mano a sowo akukwera ndi kutsika.

Kontena inagwa, phala n'kumwazikira pamapazi, koma kutentha kwake sanakumve. Amayi onse anatembenukira kwa iwo, poti panalibe amene sankalidziwa bulangete lija. Wina anayambitsa nyimbo. Manja anawagwira m'khwapa uku ndi uku, ndipo amene anawagwira kumanja anali mayi wachikulire uja. Anayenda osadziwa kuti akuyenda. Kulira kunakana kutuluka. Ankayang'ana mzere wina pafupi ndi m'mphepete mwa bulangete, pamene anaphonya diso limodzi la ulusi tsiku lija ankafulumira, n'kumaganiza zopusa, zoti akanabwerera kukakonza.

Atayandikira, namwino amene ankatsogolera kabediko anawazindikira.

"Amayi, si anu! Anu ali pabedi. Awa ndi abambo a pambali aja."

Mayi Dyna anawayang'ana namwinowo ngati akulankhula chilankhulo china. Kenako anadzipulumula m'manja mwa amayi aja n'kuthamanga, chitenje chikumasuka, mpaka m'wodi.

A Weston anali atakhala tsonga pabedi, atakumbatira mawondo, atafunda kachitenje kamodzi. Milomo inali itatuwa. Bedi la pambali linali litayalulidwa kale, chikhoti cha ulonda chitapindidwa pansi pake.

"Anayamba kunjenjemera kutatsala pang'ono kucha," anatero a Weston osawayang'ana. "Bedi lonse kugwedera. Ankaitana mayi ake m'Chitumbuka. Ndikanatani, mayi a Tisunge?"

Mayi Dyna anafuna kuwakalipira, anafunanso kuwagwira kumaso ndi manja onse awiri kuti atsimikize. Anangokhala pansi pa simenti, n'kugwira phazi lawo lozizira, ndipo kulira kuja kunatuluka tsopano. Analira ndi chimwemwe, analiranso ndi manyazi, chifukwa chimwemwe chawocho chinali pa mtembo wa munthu amene dzulo lomweli anamudyetsa phala.

A Weston anatsokomola. Anatsokomola nthawi yaitali, n'kuleka. Onse awiri anadikira mosazindikira, koma pambali panalibe woyankha.

Namwino uja atabwerera anawauza kuti bulangete alibweza, angolichapa bwino ndi mankhwala. Mayi Dyna anapukusa mutu. Bulangete loti lalowa m'nyumba ya chisoni, iwo aliona ndi maso awo likuyenda m'khonde lija, akalifunditsenso mwamuna wawo?

"Apite nalo," anatero. "Kwawo n'kozizira."

Anaimbira Tisunge kuti abwere adzakhale ndi bambo ake, abweretsenso chilichonse chofunda. Iwo anakwera minibasi, mapazi akuwawa pamene panapsa ndi phala.

Aminah atawaona anayamba kumwetulira, koma ataona maso awo analeka.

"Abambo?"

"Alipo. Ndikufuna majuzi ena."

"Alibanso? Anthu alibe manyazi! Dikirani, ndinakusungirani lachikasu lina, lowala kuposa lija."

Analitulutsa pansi pa benchi n'kulitambasula padzuwa. Linali labwino, lonenepa, lolukidwa lathunthu. Mayi Dyna sanalikhudze n'komwe. Anagwada pa mulu uja n'kuyamba kufukula, kutembenuza misoko, kukoka ulusi pakati pa zala monga kale. Zimene ankaika pambali zinali zotuwa zokhazokha.

"Koma amayi, lotuwa adzakuberaninso. Lidzafanana ndi ena onse. Mudzalidziwa bwanji patali?"

Mayi Dyna anapinda majuzi aja limodzilimodzi, mutu uli chowerama.

"Ndi zimene ndikufuna, mwanawe," anatero. "Ndisadzalidziwe patali."