Munda wa a Hruska Ndinautchetcha Ndine

A Orval Hruska takhala nawo moyandikana zaka makumi atatu. Ntchito yawo inali yokonza mapampu a madzi m'mafamu, koma Epulo akafika, iii, pampu yako ikafa unkangomwa fumbi. Mkuluyo ankakhala atagona chafufumimba m'munda wa kuseri kwa nyumba yake, kujambula maluwa a bluebonnet.

Kuno ku Texas mwana amene sanajambulidwe atakhala m'maluwa abuluuwa ndiye kuti alibe abale. A Orval ankayamba amenyamenya m'maluwamo ndi ndodo kuthamangitsa njoka, kenako n'kumukhazika mwana pansi. Ana awo atatu ndi zidzukulu zisanu, onse anawajambula okha m'munda umenewu.

Chaka chatha maso awo anayamba kuchita mdima. Dokotala sanawabisire kuti kwatsala chaka chimodzi basi. Mwana wawo Jolene anali woyembekezera, ndipo mkuluyo nyimbo yake inali imodzi: "Ameneyu ndimujambule ndekha, kenako mdimawo ubwere."

Mu Meyi a Orval anagwa, n'kuthyoka mwendo, n'kugonekedwa m'chipatala. Kwathu kuno mnzako akadwala sufunsa, umangoliza thalakitala n'kukamutchetchera. Ndinaona maluwa atafota, munda utasanduka tchire, ndinati mkuluyu adzapeze poyera. Ndinatchetcha wonse mpaka m'mbali mwa mpanda. Chitsiru ine! Zitheba za maluwawo zinali zikadali zaziwisi. Maluwawa amafa chaka chilichonse, amadzabweranso pokhapokha zithebazo zitauma n'kuthetheka zokha, mbewu n'kugwera m'dothi. Ndinabadwira konkuno, zimenezi ndimazidziwa bwino. Ndinangopupuluma.

Atatuluka m'chipatala anaima pakhonde nthawi yaitali, atatsamira ndodo.

"Aneba, mwandimeta mpala," anatero.

"Pepani achimwene, ndimati ndikuthandizeni."

"Mwathandiza ndithu. Mukadzafuna kundithandizanso mudzayambe mwandiuza, ndibise ng'ombe."

Iwo anaseka. Ine ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowepo.

Ndinagula mbewu, mu Okutobala ndinafesa, ndinazipondaponda ndi nsapato kuti zigwire dothi. Mvula osagwa. Mbewu zimenezi khungu lake ndi lolimba ngati mwala, zina zimagona m'dothi zaka zitatu osamera. Nyengo yozizira yonse ndinkayenda chowerama m'mundamo kufunafuna timasamba. Tinamera tokwana khumi tokha, pafupi ndi geti.

Epulo uno Jolene anabwera ndi khanda lija.

"Adadi, tiyeni kumsewu waukulu, kumeneko maluwa aliko ndithu."

"Kumsewu n'kwa alendo," anatero. "Mdzukulu wanga ali ndi kwawo."

Anatuluka kamera ili m'khosi, ine nditawagwira mkono. Anagwada movutikira n'kuyamba kupapasa pansi ndi manja. Udzu wouma wokhawokha.

"Aneba, kwabuluu ndi kuti? Tandilozetsani."

Ndinawatembenuzira kugeti kuja. Jolene anamugoneka mwana pakati pa timaluwato. A Orval anaika diso pakamera, kulichotsa, kuikapo linalo, kupukuta galasi ndi malaya, kuikaponso. Mwana ankangolira.

"Sindikuona," anatero chapansipansi. "Ngakhale mwanayo sindikumuona."

Jolene anayang'ana kumbali, misozi ili chuchuchu. Mkuluyo anavula kamera m'khosi n'kuilozetsa kumene ankamva kupuma kwanga.

"Jambulani inuyo, aneba. Mudzandiuza mmene chithunzicho chatulukira."

Ndinailandira n'kujambula, mtima ukundiwawa koopsa. Mpaka lero sanandifunse za chithunzicho, ndipo kamera yawo ikadali kwanga.