Alendo a pa Tsamba la Asiponji

Amalume anga amakonza masofa. Dzina lawo lenileni lilipo, koma mukalitchula mumsewu mwathu anthu angokuyang'anani. Nenani kuti mukufuna kwa Asiponji, ngakhale mwana akulozerani. Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi, pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa zitsulo za njinga. Mkatimo mumanunkha guluu ndi fumbi la nsalu zakale, ndipo simulowamo opanda nsapato chifukwa cha timisomali. Ine ndakulira pakhomo pawo kuyambira pamene mayi anga, omwe ndi mlongo wawo, anapita kukagwira ntchito kutali. Ndikulemba za iwo chifukwa sindikuona wina amene adzalembe, komanso chifukwa chaka chino anatsala pang'ono kutaya shopu ija ine ndikuona ndi maso angawa.

Ntchitoyi anaiphunzira ali mnyamata, kwa mkulu wina amene ankawazulitsa misomali m'mipando yakale mpaka zala zawo zinauma ngati chikopa. Mpaka lero akamagwira ntchito amasunga timisomali pakamwa, ndiye mukawafunsa kanthu amayankha ndi mphuno. Koma chachikulu chimene anatenga kwa mkulu uja ndi lamulo limodzi: sofa isakhale yokha. Akamaliza kukonza sofa amaitulutsa pakhonde, n'kuyalapo kansalu kuti eni ake asadzadandaule, kenako n'kukhazikapo anthu. Amati munthu wodutsa sayang'ana mpando wopanda munthu, koma akaona mnzake atayedzamira bwinobwino, miyendo atatambasula, msana wake umayamba kumukumbutsa za sofa yobooka imene waisiya kunyumba. N'chifukwa chake pakhonde pawo sipasowa anthu. Pamakhala Adalaivala, amene anapuma ntchito yoyendetsa basi, Ometa akasowa mutu woti amete, ndi mayi wina wogulitsa nthochi amene amabwera kudzathawa dzuwa.

Vuto linayamba ndi mawondo. Kugwada pasimenti zaka zonsezi kunawamaliza, ndipo njira yochokera kunyumba kupita kushopu ili ndi chitunda. Madzulo ankafika akukoka mwendo, anti, akazi awo, n'kuwathirira madzi ofunda m'beseni uku akulankhula.

"Inu, kuseri kwa nyumbaku kuli shedi yabwinobwino. Bwanji osamagwirira konkuno? Mudzagwa pachitunda paja tsiku lina, ine ndidzakunyamulani ndi ndani?"

"Kuseri kwa nyumba adzandiona ndani? Nkhuku?"

Ndiye alandilodi nawo anabwera ndi nkhani yawo. Mnyamata wina wogulitsa mafoni ankafuna kachipinda kaja. Alandilodiwo anati amalume asankhe mwezi usanathe: akhalabe kapena apereke kiyi. Ndipo ananeneratu kuti kiyi akachoka m'manja sadzabwereranso, poti mumsewu umenewu anthu ofuna malo ndi ambiri.

Nthawi imeneyo n'kuti ine nditangomaliza sukulu ya sekondale, ndikudikira zotsatira za mayeso. Ndinalibe chochita kupatula kutsuka mbale ndi kuona zimene anzanga akuika pafoni. Aliyense ankaoneka ngati akupita kwinakwake kupatula ine. Tsiku lina tikudya ndinangotulutsa mawu.

"Amalume, masiku ano anthu safufuza zinthu mumsewu, amafufuza pafoni. Ndikupangirani webusaiti, tsamba lanulanu la pa intaneti. Anthu azikupezani ngakhale muli kuseri kwa nyumba."

Amalume anaseka mpaka kutsamwa. "Imvani Ainjiniya!" Dzinalo linandimatirira kuyambira tsiku limenelo. Koma anti sanaseke. Anandipatsa foni yawo n'kunena kuti, "Panga, mwanawe."

Pa intaneti pali zida zambiri zomangira tsamba popanda kuphunzira za makompyuta, ndipo chilichonse chimadzitama kuti n'chosavuta. Ndinkapita kushopu yosindikiza mapepala kumene amabwereketsa kompyuta, n'kumaziyesa chimodzichimodzi. Choyamba chinali chokongola zedi. Zithunzi zinkayenda zokha, zilembo zikutuluka ngati pa TV. Ndinathamanga nacho kukaonetsa pakhonde, koma pafoni yakale ya Adalaivala chinangozungulira, kuzungulira, mpaka bandulo yawo inatha.

"Ainjiniya, basi yanuyi ikungolira injini, siyikunyamuka," anatero.

Chachiwiri chinali chaulere ndipo chinkatseguka msanga. Koma chinkaika malonda a eni ake pamwamba pa tsamba, ndipo tsoka lake, tsiku limene ndinawaonetsa amalume panatuluka sitolo ina yaikulu yogulitsa masofa atsopano. Amalume analavulira timisomali m'dzanja kuti alankhule bwino.

"Ndiye wandimangira shopu n'kukhazika mdani wanga pakhomo?"

Chachitatu chinalibe zokometsera. Koma chinkatseguka ngakhale pafoni ya Adalaivala, ndinkatha kusintha chithunzi ndili kunyumba, ndipo sichinkaika za munthu wina. Ndinasankha chimenecho. Ndinaikapo zithunzi za masofa asanakonzedwe ndi atakonzedwa, nambala ya foni ya amalume, ndi chithunzi cha mpando wina wofiira umene mwini wake anausiya kalekale osabweranso kudzautenga. Pansi penipeni ndinaikapo kanambala kowerenga alendo, koonekera kwa aliyense.

"Kameneka kazitiuza anthu amene alowa," ndinawafotokozera. "Kakakwera, ndiye kuti shopu mutha kuisiya."

Tsiku limenelo kanambalako kanali pa zinayi. Amalume anakayang'ana nthawi yaitali.

Kenako kanayamba kukwera. Makumi, kenako mazana. M'mawa uliwonse ndinkadzuka n'kuyamba ndayang'ana kanambalako ndisanasambe m'maso. Ndikamadutsa mumsewu Ometa ankakuwa kuti, "Ainjiniya, mudzatipangirenso ife!" ndipo ine ndinkayenda ngati msewu wonse ndi wanga. Anti anayamba kusesa shedi ndi kuchotsamo matayala akale. Amalume anauza alandilodi kuti Loweruka la kumapeto kwa mwezi adzapereka kiyi. Mnyamata wa mafoni uja anabwera ndi tepi kudzayeza makoma, amalume akumusunthira siponji kuti adutse.

Koma chinthu chimodzi chinkandisowetsa mtendere. Foni ya amalume sinkalira. Ikalira anali mayi anga, kapena wogulitsa nsalu. Anthu mazana akulowa, koma osapezeka ndi mmodzi yemwe wofunsa za sofa? Nditawauza amalume anati, "Anthu amayamba aona kaye. Ngakhale mumsewumu munthu amadutsa kangapo asanaime." Ndinavomera ndi mutu, koma sindinakhulupirire. Ndikaona anti akukhoma msomali wopachikira zida m'shedi muja, ganizo limodzi linkandibwerera. Ngati ndalakwitsa, amalume akhala kuseri kwa nyumba opanda msewu, opanda khonde, opanda kasitomala, ndipo amene wawatengera kumeneko ndi ine.

Ndinabwerera kushopu yosindikiza mapepala kuja n'kuyamba kuwerenga za kuyeza alendo. Apa m'pamene ndinadziwa kuti kanambala kanga sikawerenga anthu. Kamawerenga kutsegula. Munthu mmodzi akatsegula tsamba kakhumi, iko kamati anthu khumi. Pali chida china chimene chimalowa mkati: chimasiyanitsa mafoni, chimanena nthawi imene abwera, kumene achokera, ndi kutalika kwa nthawi imene akhala. Ndinachilumikiza, koma chinafunika masiku angapo kuti chisonkhanitse zoti chinene, ndipo Loweruka linali likuyandikira.

Lachisanu masana ndinachitsegula kushopu yosindikiza kuja. Mafoni osiyana anali ochepa moti mukanawawerenga ndi zala. Omwewo omwewo, kubwerezabwereza. Ambiri ankalowa m'mawa nthawi imodzi, n'kutuluka asanaone n'chithunzi chimodzi chomwe. Wofika chifukwa chofufuza za masofa panalibe. Ndinakhala pampando paja mpaka mwini shopu anandifunsa ngati ndikudwala. Anthu amenewa ndi ndani? Madzulo ndinayesa kuyamba nkhaniyo, koma ndinapeza anti akuimba uku akulongedza zida m'makatoni, ndiye ndinangoisiya.

Loweruka ndinawalondola amalume kushopu m'mamawa, chinthu chimene sindinkachita. Anatsegula loko, Ometa anawathandiza kutulutsa sofa, Adalaivala anafika n'kukhala pamalo pawo, mayi wa nthochi anatula dengu. Kenako amalume anawomba m'manja.

"Tiyeni akuluakulu, tatsegula! Lero n'komaliza pano, tilowe mwamphamvu."

Onse anatulutsa mafoni. Ngakhale mnyamata wa zitsulo za njinga anasuzumira ali ndi yake m'manja.

"Lowaninso, Adalaivala, musachite ngati mlendo."

"Ndalowa kale katatu, Asiponji. Mukufuna ndigone momwemo?"

"Amalume, mukuchita chiyani?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chimene amatsegulira chitseko. "Tikukhazikapo anthu. Unandionetsa kanambala kaja kali pa zinayi. Ndani angalowe m'shopu ya anthu anayi? Ndinaona kuti mwana wayesetsa, tisamuchititse manyazi. Ife timangoyambitsa, kuti odutsa aziona kuti muli anthu."

"Odutsawo kulibe, amalume. Nambala ija ndi inu nomwe."

"Aaa, iwe. Tawerenga, tilipo angati pano? Mazana aja ndi a kunja."

Anali kukhulupiriradi zimenezo. Ndinawapempha Ometa kuti atsegule tsambalo, atseke, atsegulenso. Kanambala kanakwera kawiri amalume akuona. Ometa anayamba kukanda m'mutu.

"Inetu ndimatsegulanso ndikasowa chochita," anatero. "Komanso ndimaonetsa aliyense amene wakhala pampando wanga."

"Kwathu zidzukulu zimalimbirana," anatero Adalaivala motsitsa mawu. "Zimati ndi gemu. Wakweza nambala kwambiri ndiye wawina."

Mayi wa nthochi anaphulika kuseka, koma ataona nkhope ya amalume anadzigwira pakamwa. Ndinawaonetsa chida chija pafoni ya anti: mafoni ochepa aja, nthawi ya m'mawa ija. Amalume anabweza foniyo pang'onopang'ono. Kiyi anali m'dzanja lina, ndipo ndinaona kuti amufinya mpaka zala zayera.

"Ndiye kuti anthu onse aja ali pano," anatero. "Pasofa pangapa."

Ndipo nthawi yomweyo alandilodi anatulukira pakona, mnyamata wa mafoni ali pambuyo pawo atanyamula chikwangwani chake chatsopano.

"Mwadzuka bwanji, Asiponji? Tabweratu."

Amalume anaimirira movutikira, atagwira bondo. Ndikuwadziwa, ndi munthu amene akanena mawu sabweza, ngakhale zitamupweteka. Anayang'ana kiyi, anayang'ana msewu, ngolo zikudutsa, ana akupita kukatunga madzi, mayi wina akucheukira sofa ija.

"Bwana, mundikhululukire. Ndinalankhula ndisanaone bwino. Kiyiyu sindipereka."

"Aaa! Munthu wamkulu ngati inu? Nanga mnyamatayu ndimuuze chiyani? Walembetsa kale chikwangwani!"

"Madala, musandiseweretse," anatero mnyamatayo. "Ndayeza kale makoma ine."

"Ndakulakwira, mwana wanga. Ukafuna mpando wa makasitomala ako kulikonse kumene ukapeze malo, udzabwere, ndidzakukonzera ndi manja angawa."

Anakangana nthawi yaitali. Ometa analowererapo, Adalaivala anakumbutsa alandilodi kuti sofa ya m'nyumba mwawo inadutsa m'manja omwewa. Pamapeto pake alandilodi anagwedeza mutu n'kunena kuti aka n'komaliza, asadzamvenso za kusintha maganizo. Mnyamata uja anachoka osatsanzika, chikwangwani chikumumenya m'miyendo.

Kunyumba kunali kovuta kuposa pamenepo. Anti anamvetsera nkhani yonse ali chiimire pakati pa makatoni awo.

"Chabwino. Shopu mwaisunga. Nanga mawondowa muwasiya kwa ndani?"

Ine ndinkayembekezera kuti tsopano anti anditembenukira, koma anangondidutsa. Anatsegula katoni imodzi, anatulutsa chidutswa cha siponji yokhuthala ndi sizasi, n'kuyamba kudula mokwiya.

"Zaka zonsezi mukufewetsera anthu pokhala, inu mukugwada pasimenti ngati wopalamula. Bweretsani bondolo ndiyeze."

Pano amagwira ntchito atamanga masiponji awiri m'mawondo ndi malamba a chikwama chakale. Ometa amati akuoneka ngati goloboyi. Chitunda chija chikadalipo, ndipo madzulo ena amafikabe akukoka mwendo, anti n'kundiyang'ana ine.

Kanambala koonekera kaja ndinakachotsa. Anthu a pakhonde ndinawapempha kuti asiye kulowa, ngakhale foni imodzi imaonekabe m'mawa uliwonse nthawi yotsegula loko, ndipo sindinafunse kuti ndi ya ndani. Chida chinacho chikadalipo, ndipo chimanena zoona zosakoma. Masiku ena sipabwera munthu ngakhale mmodzi. Ndasintha mawu a pamwamba kuti akhale amene munthu wa sofa yobooka angalembe pofufuza, ndipo nambala ya foni ndaikweza pamwamba. Kasitomala aliyense wobwera kushopu ndimamufunsa kumene wamva za ife. Mpaka pano onse amaloza msewu.

Koma sabata yatha panabwera foni yachilendo. Inafika kudzera m'kufufuza, ndipo inakhalitsa pa chithunzi cha mpando wofiira uja. Mawa lake inabweranso, pa chithunzi chomwecho. Sinaimbe. Sindikudziwa ngati ndi mwini wake wakale, kapena wofuna kugula, kapena munthu amene amangokonda zofiira. Nditawauza amalume, anachotsa timisomali pakamwa.

"Mmodzi yekha?"

"Mmodzi. Koma si wa pano."

Anaganiza pang'ono. Kenako analowa mkati, anaukoka mpandowo kuuchotsa pakona, anaupukuta fumbi n'kuutulutsa pakhonde, moyang'ana kumsewu.

"Adalaivala, samukani. Kuyambira lero malo anu ndi awa. Ndipo mukhale mooneka kuti mukumva bwino."

Tsopano m'mawa uliwonse, asanandifunse n'komwe mmene ndadzukira, amayamba ndi funso lakuti, "Ainjiniya, wa mpando wofiira uja wabweranso?" Ine ndimatsegula foni n'kuyang'ana.