Jombo Imene Inatsala M'matope a kwa Mlolo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha njinga. Mayeso a Fomu 2 anali atandikana, ndipo ndinkangozungulira pa Bangula. Tsiku lina a Zuze, amene anali atangotenga sitolo yomwe mmwenye anasiya, anandiona ndikuwongola sipoko za njinga ya malume anga. Anandifunsa ngati ndingapalase tsiku lonse nditanyamula katundu. Ndinavomera ndisanamve n'komwe kuti ndi katundu wanji.

Zinali jombo zamphira, zakuda, zofika m'mawondo. A Zuze anaoda makatoni angapo ku Limbe, koma jombozo zinangokhala pashelefu mpaka kuchita fumbi. "Ndikupatsa njinga ya sitolo iyi ndi mwezi umodzi, mwanawe," anatero. "Zikayenda, ntchito ndi yako. Zikakanika, undibwezere njinga yanga." Mayi anga sanadikire mweziwo. Pofika Lamlungu tchalitchi chonse chinali chitamva kuti mwana wawo ndi kalaliki wa sitolo. Kubweza njinga ija kukanawachititsa manyazi mudzi wonse, ndipo zimenezi zinkandidya mumtima kuposa ulova weniweniwo.

M'mawa uliwonse ndinkamanga jombo ziwiriziwiri ndi luzi kuti saizi zisasokonekere, n'kuziika m'katoni, katoniyo n'kuikoka pakeriyala ndi mphira wa chubu. Pampu ndi zigamba zinkakhala m'chikwama, khadi la chipani m'thumba la malaya, popeza wopanda khadi sankadutsa pachipata cha msika. Ndinkaimitsa aliyense wokhala ndi mapazi. Aphunzitsi ankati kutentha kwa kuno kungaphike phazi m'jombomo. Msodzi wina anandifunsa ngati ndimamuda, chifukwa bwato likagubuduka jombo imadzaza madzi n'kumukokera munthu pansi. Masabata awiri anatha katoni ili yodzaza.

Ndiye ndinaganiza zanzeru, kapena ndinkayesa choncho. Unali mwezi wa February, mvula ili pakati, ndipo ndani sadziwa kuti kwa Mlolo n'kwamatope? Ndinaoloka Shire pa Chiromo m'mamawa ndikuimba mluzu, ndipo nditafika pamsika ndinayala jombo pachiguduli n'kuyamba kukuwa kuti jombo za matope zafika.

Anthu anabwera, kuzigwiragwira, n'kumapita. Dzuwa litafika paliwombo, mayi wina wogulitsa milamba youma pafupi nane anatopa nalo phokoso langa. Anali a Nsai, mayi wamfupi wolankhula Chisena chosakaniza ndi Chimang'anja.

"Achimwene, inu munayamba mwapondamo m'munda wa mpunga?"

"Nkhabe, mayi, sindinapondemo," ndinayankha, "koma jombo izi n'zamatope amene."

"Valani. Munda wanga uli kuseri kwa migwalangwa iyo."

Ndinavala saizi 8 n'kuwatsatira, gulu la anthu lili pambuyo pathu. Iwo analowa m'munda opanda nsapato, zala zakumapazi zikugwira pansi, n'kumayenda ngati ali pabwalo. Ine ndinaponda kamodzi, kawiri. Kachitatu mwendo wamanja unamira mpaka m'bondo. Nditakoka, phazi linatuluka lokha, jombo n'kutsalira pansi, ndipo ndinagwa chagada m'madzi. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Tinapisa manja m'matopemo kufunafuna, koma jombo ija sinapezeke.

"Matope athu amafuna chala, mwananga," anatero a Nsai akundipatsa madzi osamba. Sanali kuseka. "Mukanafunsa."

Zoona, safunsa anadya phula. Ndinabwerera ndikukankha njinga, mtima uli pa mayi anga, ndipo sindibisa, misozi inalengeza. Nditaoloka mtsinje sindinafune kufika kusitolo msanga, choncho ndinakhotera njira ya kumtunda, kuminda ya thonje ya kwa Mbenje, n'kukhala pansi pa mtengo wa msangu.

M'munda wapafupi munali bambo wina atabereka mpope kumsana, akupopera thonje mankhwala. Chimene chinandikopa ndi mapazi ake. Anawakulunga ndi zidutswa za thumba la feteleza, n'kumanga ndi luzi m'akakolo. Atafika kumapeto kwa mzere ndinamupatsa moni, ndipo ulendo uno ndinayamba ndi kufunsa.

Anamasula phazi limodzi n'kundionetsa. Khungu linali litasupuka pakati pa zala. "Mpope umadontha, komanso masamba onyowa amakukhudza m'miyendo," anatero. "Sabata iliyonse ndi zomwezi mpaka thonje lithetheke." Ndinamupatsa saizi 9 kuti ayese. Anapopera mzere wathunthu kupita n'kubwerera, pa nthaka youma bwino yosamiza munthu, ndipo pobwera anandifunsa ngati Lachinayi ndingafike pamene kalabu yawo ya alimi imakumana ndi alangizi.

Kuyambira tsiku limenelo aphunzitsi, asodzi ndi alimi a mpunga ndinawasiya pamtendere. Misika ndinaisiyanso. Ndinkangotsata makalabu a thonje, mudzi ndi mudzi, nditanyamula masaizi akuluakulu okhaokha. Mawu oti matope sanatulukenso pakamwa panga. Ndinkati ndi jombo za opopera, ndipo ndinkayamba ndi kupempha munthu kuti andionetse mapazi ake. Jombo zinali zomwe zija, koma pofika sabata lachinayi a Zuze anali akulemba kalata yoodera zina.

Za jombo yotayika ndinawauza tsiku lomaliza la mwezi. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anatenga inzake yamanzere n'kundipatsa. "Sunga. Katundu aliyense ali ndi mwini wake, ndipo ntchito yako n'kumupeza. Mawa ubwere m'mawa." Ndinangothokoza m'Chisena kuti takhuta, n'kupalasa njinga ija molunjika kwa mayi, amene analulutira ngati sankadziwa kale kuti mwana wawo ndi kalaliki.

Ndagulitsa zinthu zambiri chichokereni nthawi imeneyo, mpaka kukhala ndi sitolo yangayanga. Jombo yamanzere ija ilipobe, mphira wake unang'aluka. Ndisanaode katundu watsopano ndimaiyang'ana n'kudzifunsa kuti mwini wake ndani, akuvutika ndi chiyani, ndipo ndamufunsa kapena ndangoganiza. Inzake ikadali m'munda wa a Nsai.