Pooni Yomwe Inabwerera pa Bolodi

Ntchito yanga yoyamba ku Dublin sinali ya mu care home ngati anzanga ambiri. Ndinkanyamula mipando ndi mawotchi ku kalabu ya chesi ku Clondalkin. Anandipezera ndi a Tembo, Mzambiya wa kutchalitchi kwathu, atandiona ndikusewera chesi pafoni mu Luas, sitima ya mumzindamo, mpaka kupitirira potsikira. "Mudala, kuli mayi wina afuna munthu wodziwa izi," anatero. "Koma pakamwa panupo mutsekeko."

Ankandidziwa. Mtima wanga ndi wapachala, sindibisa.

Mayiyo anali Orla, arbiter wamkulu, ndiye kuti woweruza masewero. Anandipatsa miyezi itatu yondiyesa. Ntchito yake inali kuyala mabolodi, kabokosi koyera kakhale pakona ya kudzanja lamanja, kutchera mawotchi a mabatani awiri owerengera nthawi ya wosewera aliyense, kugawa mapepala olembapo mayendedwe, kenako kuzungulira matebulo osatulutsa mawu. Buku la malamulo ndinaliloweza m'basi monga ndinkalowezera Biology ya Fomu 4. Sabata yachitatu ndinakalipira bambo wina foni yake italira pakati pa masewero. Wolakwa anali iye, koma holo yonse inamva ine, osati foniyo. Orla anandiitanira pakhomo. "Ukadzakwezanso mawu muholo muno, ntchito yatha."

Kutatsala sabata imodzi kuti miyezi ija ikwane, ku mpikisano wathu kunabwera mlendo wa ku Japan. Ntchito yake kwawo ndi kusewera shogi, chesi ya kumeneko, ndipo amadyera momwemo kuyambira ali wamng'ono. Chesi yathuyi anaiphunzira atakula. Orla anandifotokozera zinthu ziwiri za shogi. Ukadya chida cha mnzako sichifa ayi, chimakhala chako, ukhoza kuchibwezera pa bolodi kuti chikumenyere nkhondo. Ndipo ukayenda mophwanya lamulo kamodzi kokha, waluza pomwepo.

Masewero omaliza, Lamlungu masana, mlendoyo anakumana ndi Declan, mkulu wa mukomiti yomwe imavomereza anthu antchito. Orla anali m'chipinda china, holo yaikulu ili m'manja mwanga. Atasewera maola anayi, mlendoyo anali patsogolo, koma wotchi yake itatsala ndi four minutes. Ndinaona ndi maso angawa dzanja lake likupita kumbali komwe anandandalika zida zomwe anadya, kutola pooni yoyera ya Declan, kamsilikali kakang'ono ka pachesi, kuimenyetsa pakati pa bolodi kuti pha, n'kudina wotchi. Dzanja linabwerera ku shogi mutu usanadziwe.

Anaiyang'ana pooniyo, nkhope n'kufiira. Anaimitsa wotchi, n'kuweramitsa mutu.

Declan anatambasula dzanja msangamsanga kuti agwirane chanza, masewero athe. "Wagonja. Lemba."

"Dikirani kaye," ndinatero chapansipansi.

"Iwe ntchito yako ndi mipando," anatero, osandiyang'ana n'komwe. "Izi zakukulira."

Abale, magazi anandithamangira kumutu. Mawu omwe ndinakonza, a Chichewa ndi a Chingerezi omwe, akanagwetsa denga. Koma ndinaona mlendo uja, munthu woti wataya maola anayi ndi dzanja lake lomwe, ali phee, manja pamaondo. Ndinaika manja anga kumbuyo, ndinagwira mkono mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa.

Ndinawerama pafupi ndi mlendoyo. "Bwana, mwanena kuti mwagonja?"

"Sindinanene," anayankha. "Koma kwathu ukalakwitsa chonchi, masewero atha."

"Kuno si kwanu. Kuno kulakwitsa koyamba timangowonjezera mnzanu two minutes, basi."

Ndinatulutsa buku m'thumba, ndinalitsegula pamaso pa Declan, chala pamzere. Kuimitsa wotchi si kugonja, ndipo kuwerama si kugonja. Anawerenga, anabwerezanso, kenako anatsamira kumpando. Ndinachotsa pooni ija, ndinafananiza bolodi ndi mapepala a onse awiri, ndinawonjezera Declan nthawi yake, ndinayatsa wotchi. Mawu anga sanafike ngakhale patebulo lachiwiri.

Mlendoyo anasewera ngati wina wamudzutsa pomuthira madzi ozizira. Declan ndi two minutes zake zija sanapite nazo patali. Mfumu yake inapanikizidwa pakona, ndipo ulendo uno dzanja analitambasula pa chifukwa choyenera, wogonja anali iye. Chodabwitsa, mlendoyo sananyamuke. Anabwezeretsa zida zonse n'kupempha Declan kuti abwereze masewerowo limodzi, monga amachitira kwawo, wopambana ndi woluza kufufuza pomwe zinakhotera. Declan anakhala ola lathunthu. Ine ndinkapinda mipando mowazungulira.

Sindinadziwe kuti Orla anali atabwerera n'kuima pakhomo nthawi yonse ya mkangano uja. Anandipeza ndikulongedza mawotchi m'bokosi. "Mwezi wamawa kuli kosi ya ma arbiter," anatero. "Dzina lako ndalemba kale."

Lero ndine arbiter, mipikisano ndimayendetsa ndekha, ndipo Declan amanditchula dzina. A Tembo mpaka pano sakhulupirira. Musaganize kuti ndinasanduka mngelo. Kunyumba ndimakalipabe, kafunseni mayi akunyumba. Koma tsiku lija ndinaona kuti aliyense ali ndi dzanja lomwe limathamangira zomwe linazolowera. La mlendo uja linatola pooni, langa lili pakamwa. Ndikalowa muholo, manja ndimaika kumbuyo, ndipo chomwe chimakalipa ndi chala changa pamzere wa lamulo.