Mawu a Achemwali Anga

Alamu anga a Menego, omata mabwato ku Castello, anali munthu wofatsa, wosayankhulayankhula. Koma ikafika nyengo ya chikondwerero cha Kanivale ankavala siketi. Musaseke! M'sewero lathu loimba lija, lanthabwala, la m'chiyankhulo chathu cha kuno ku Venezia, mbali ya nkhalamba yaikazi yolongolola amaimba ndi mwamuna. Ndi mmene tinazipezera. Ankalisewera m'holo ya parishi kuyambira tili atsikana, ndipo nkhalambayo inali a Menego.

Chimene chinkandinyansa ine n'chakuti mawu ankaimbawo anali akuba. Anali a akazi awo, achemwali anga a Zanze: kakuwidwe kawo pazenera, katsonyedwe kawo, ngakhale kaikidwe ka manja m'chiuno. Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti, m'mawa mwake n'kumawaloza a Zanze pamsika wa nsomba.

"Mwandisandutsa chidole, bambo inu," ankatero achemwali. "Phazi langa silidzapondako kumeneko."

Silinapondekodi. Kenako madzi osefukira anawononga holo, sewero linaima kwa zaka, ndipo m'zaka zomwezo a Zanze anagwa ndi sitiroko. Anadzuka, koma pakamwa panatsekeka. Mayi amene ankamveka mpaka tsidya la ngalande, zii!

Holo itakonzedwa, anzawo a sewero anabwera kudzawatenga a Menego. Iwo anakana.

"Ndikaseketse anthu ndi mawu a munthu amene alibenso mawu? Ndine galu ine?"

A Zanze anadzikoka mpaka pabokosi la zovala, anatulutsa nsalu yawo yakuda ya m'mapewa, n'kuwaponyera amuna awo kumaso. Kenako anadziloza pachifuwa, n'kuloza kukhomo.

Lamlungu masana ndinawagwira mkono achemwali kuwawolotsa milatho kupita kuholo. Ndinkaopa kuti akangomva anthu akuwaseka, agwanso pomwepo.

A Menego anatulukira atafunda nsalu ija, n'kuwaona akazi awo pampando wakutsogolo. Anaimba monong'ona, mwaulemu, ngati ali pamaliro. Aa, zinali zochititsa manyazi! Kuno anthu sabisa, anayamba kuwaimbira malikhweru.

"Menego, wameza nkhanu kodi?" wina anakuwa kumbuyo.

Ndiye tinangomva go! go! go! Inali ndodo ya a Zanze ikumenya pansi. Maso ali psuu, akuwayang'ana amuna awo monga ankachitira akabwera kunyumba ataledzera.

Alamu anaika manja m'chiuno, anatsonya, n'kutsegula kukhosi. Mayo ine! Anali achemwali anga enieni, athunthu, akukalipira dziko lonse ali pazenera. Holo yonse inafa nalo phwete. Ine sindinaseke. Ndinawayang'ana a Zanze. Milomo yawo yopotokayo inkatsatira liwu lililonse, misozi ili chuchuchu, ndipo dzanja lawo labwino linandifinya mpaka kundipweteka.

Achemwali anamwalira Kanivale wina asanafike. A Menego sanavalenso siketi. Mbali ija anaitenga wometa tsitsi wina wa ku Mestre, amene amangobwebweta zopanda mchere, ndipo ine sindipitako.

Koma ndimakhala khomo loyandikana nawo alamu angawo, ndipo khoma lathu ndi lopyapyala. M'mawa ndimawamva akukalipa ndi mawu a achemwali kuti khofi wazizira, nsapato zadetsa pansi, munthu wamkulu ngati inu simumva bwanji. Kenako pamamveka mawu awoawo achimuna, otopa.

"Pepani mayi, ndamva."