Makutu ofiira

Zinali ziwiri, zofiira, zonga tizikho, zolumikizidwa ndi kachitsulo kopindika kodutsa pamwamba pa mutu. M'kati munali mofewa, monunkha thukuta ndi mafuta a gazolina. Dzina lake lenileni sindilidziwa mpaka lero. Ine ndinkangoti makutu ofiira.

Chinali chaka chimene anthu ankabwerera kuchokera ku Dedza nkhondo itatha. Amayi sanabwerere. Anakwatiwa komweko, ndipo mwamunayo anati m'nyumba mwake ana alimo kale okwanira. Anandiperekeza mpaka pamalire, pa Kalomwe, n'kundipereka kwa amalume pamodzi ndi kaphukusi ka zovala. "Ndibwera tikakolola," anatero. Anthu anakolola. Mapesi anauma, chisanu chinafika.

Amalume analibe mkazi, analibe mwana. Khutu lawo lakumanzere linafera kunkhondo, bomba litaphulika pamsewu, ndiye tikamayenda ine ndinkakhala kudzanja lamanja. Ntchito anaipeza kwa mkulu wina wogula mbatata, tinkangomutchula kuti patarawu, ndiye kuti bwana. Mumpanda mwake munali ngati munda, mapichesi ndi bulugamu okhaokha, ndipo nthawi yachisanu masamba ankayoyoka ngati alembedwa ganyu. Patarawuyo anabwera ndi makina kuchokera ku Joni ouluza masamba ndi mphepo. Ukawatembenuza n'kumangirirako saku, ankawameza.

Panalibe wondisiyira, ndiye ndinkapita nawo.

Tsiku loyamba amalume anakoka chingwe katatu, chinthu chija n'kubangula. Ine nkhondo sindinaione ndi maso, ndinaimvera kumsana kwa amayi, koma thupi limasunga zake. Anandipeza pansi pa ngolo nditadzikodzera, zala zili m'makutu. Sanandikalipire. Anavula makutu ofiira aja pamutu pawo n'kundiveka. Dziko lonse linasuntha n'kupita kutali. Ndinkangomva mtima wanga ndi malovu ndikameza.

Anakweza mbali imodzi n'kufunsa, "Bwanji tsopano, Nangozo?" Ankanditchula ndi mfunda ngati munthu wamkulu. Ndinatuluka pansi pa ngolo.

Makinawo anali ndi malamulo, ndipo amalume ankawasunga ngati a kutchalitchi. Ankayamba ndi kutola miyala ndi mabotolo osweka pabwalo ponse, ati mphepo ija imasandutsa kamwala kukhala chipolopolo. Gazolina ankasakaniza ndi oliyo m'botolo, kutali ndi moto, fodya atamusiya kuchipata. Makina akatentha, ankakhala pansi kudikira kuti azizire asanathire ina. Tizitsotso tikatsekera, ankazimitsa, n'kuzula kawaya kamoto, apo ndi pamene dzanja linkalowa. Magalasi sankachoka kumaso. Ine anandilembera mzere pansi ndi chidendene. "Ukadumpha apa ndizimitsa, ndipo masamba awa udya ndi iwe." Lamulo limene anaphwanya ndi limodzi lokha, ndipo analiphwanyira ine.

Tsiku lina patarawu anatsika mulole n'kutiona. Anafunsa kuti za m'makutu zikutani pamutu pa mwana. Amalume anati, "Zinapangidwira anthu a makutu awiri, patarawu. Wa makutu awiri pano ndi uyu." Patarawu anaseka, nati abweretsa zina akapita ku Tete. Ku Tete anapita kangapo. Amalume anayesa kutsekera kansanza m'khutu labwino lija, koma kankangogwa, mpaka anakaleka.

Ndisaname, makutuwo ndinawakonda kuposa munthu. Mmawa udzu uli mbuu ndi chisanu ankandifunditsa. Ana a pafupipo ankandiseka kuti ndimawerenga ngati wa ku Malawi, ine n'kungowavala, pakamwa pawo pakungoyasama ngati nkhuku zaludzu. Ndinkakhala kuseri kwa mzere wanga, patsinde pa pichesi, kubereka chitsononkho kumsana, kuwauza amayi mumtima zonse za tsikulo. Patali amalume akuyenda pang'onopang'ono, masamba akuthamanga patsogolo pawo ngati mbuzi, utsi wabuluu ukuwatsata. Kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka, chinthu chija chikulira pambali pa khutu lawo limodzi lomwelo. Nthawi imeneyo ndinkangoona kukongola kwa masamba.

Mawu anga onse ndinkawasungira panjira yobwerera. Makutu ofiira ali m'khosi, ine kudzanja lamanja, kulongolola osapuma. Poyamba ankayankha, kundiuza phiri la Domwe ndi liti, munda wa agogo unalekezera pati. Kenako anayamba kuchulutsa "Ati?" Kenako anati nkhululu yawalowa m'khutu, ikulira osaleka. Ndinakhulupirira. Ndinawagoneka pamwendo panga pakhonde n'kumaifunafuna ndi kaudzu. Iwo anangoti, "Yakumba pakuya, isiye."

Funso ndinali nalo limodzi, ndinalisunga nyengo yonse ngati dzira. Ndinalitulutsa madzulo ena tikuoloka kamtsinje, mphepo ikucheka miyendo. Ndinalankhula chapansipansi, monga amalankhulira mwana wamantha.

"Amalume, amayi sabweranso eti? Nanga inu mudzandisiyanso pa Kalomwe?"

Anangopitirira, maso kutsogolo. Ndinafunsanso. Anaponda mwala, naponda wina, natembenuka kundipatsa dzanja kuti ndioloke, osanena kanthu.

Kwathu wamkulu akakhala chete, ndiye kuti wayankha. Tsiku lomwelo ndinamanga kaphukusi kanga n'kukaika kuseri kwa chitseko. Ndinasiya kulongolola panjira. Ndinayamba kudya pang'ono, kuti mwina akaona kuti sinditha ufa andisunga. Iwo ankandiyang'ana, kundigwira pachipumi, n'kufuula ngati ndili kutsidya, "Wadwala, Nangozo?" Ine n'kumati akundikalipira.

Mapichesi atachita maluwa masamba anatha, makina anakapachikidwa m'nyumba yosungira katundu. Pa Kalomwe sanandipititse. Anandilera, anandikwatitsa, ana anga anawanyamula. Koma kuti ulankhule nawo unkayamba wawagwira paphewa, n'kuima pamaso pawo. Ndinali ndi mwana kumsana kale pamene ndinawakumbutsa za pamtsinje paja, ndikufuula mawu amodziamodzi.

"Unafunsa zimenezo? Liti?"

Kaphukusi kaja kanakhala kuseri kwa chitseko mpaka mvula. Mwana amene anakamanga ankadziwa mbali yoyenera kuyenda, ankadziwa mzere wosadumpha. Chimene sankadziwa n'chakuti khutu limene ankalidikira kuti limumve anali atalikoleka m'khosi mwake.